Achimwene anamwalira tisanagwirizane, ndipo pemphero likundikanika

Funso

Abusa, ndine mayi wa zaka 41, ndimakhala kufupi ndi Luchenza ndipo ndimasonkhana ndi amayi a Mvano kumpingo kwathu. Achimwene anga, amene ndinapondana nawo, anamwalira miyezi isanu ndi itatu yapitayo atangodwala masiku ochepa. Tinkakondana kwambiri, koma chaka chatha ukwati wawo utatha anabwerera kumudzi kuchokera ku chikamwini, ndipo tinakangana pa nkhani ya munda womwe mayi anandipatsa. Anapita tisanalankhulane. Pa maliro sindinalire, ndinali pa kalikiliki wa ufa, bokosi ndi alendo. Pano m'pamene ndikulira, usiku anthu akagona. Ndikagwada mawu sabwera, akabwera ndi a mkwiyo. Anzanga akuti ndilimbe mtima poti ndine mkhristu, chinali chifuniro cha Mulungu. Achimwenewo anali atadulidwa mumpingo chifukwa cha mowa, choncho mpingo sunayimbe maliro awo. Ndimawalota pafupipafupi, ndipo azakhali akuti pali munthu amene anawapanga chipongwe. Kodi chikhulupiriro changa chafa? Nanga achimwene ali kuti?

Yankho

Mayi, pepani kwambiri ndi zovutazi. Funso lanu loyamba ndiliyankhe msanga, chifukwa likukusowetsani tulo pachabe: chikhulupiriro chanu sichinafe. Munthu amene chikhulupiriro chamuthera sagwada n'komwe, ndipo sataya nthawi kukwiyira Mulungu amene sakumuwerengeranso. Inu mukugwada. Mawu akukanika, mkwiyo ukubwera, koma mukuupititsa kwa Iye yemweyo. Funso lachiwiri, la komwe kuli achimwene, ndi lolemera kuposa pamenepa, ndipo ndifikapo.

Tiyambe ndi zomwe zinachitika pa siwa. Kwathu kuno maliro amakhala ndi eni ake odziwika. Namfedwa wamkulu ndi mayi wobereka, kenaka mkazi ndi ana. Anthu akafika amakakhala pafupi ndi amenewo, ndipo chipepeso amatula kwa iwo. Mlongo wa malemu ndiye wotumidwa. Ndiye amathamangira ku chigayo, amanenerera mtengo wa bokosi kwa akalipentala, amaonetsetsa kuti adzukulu alandira nsima yawo kumanda, amayankha foni za abale a ku Joni ofunsa ngati maliro angawadikire. Mwambo wonse umatha iye asanakhale pansi. Pakangopita sabata anthu abalalika, ndipo aliyense wokumana nanu panjira amafunsa kuti, "Mayi akupezako bwanji? Nanga ana aja ali ndi ndani?" Za inu palibe wofunsa. Katswiri wina wa ku America, Kenneth Doka, analemba mu 1989 za chisoni chimene anthu ozungulira sachiwerengera kuti chilipo, ndipo abale obadwa mimba imodzi ndi malemu amagwera m'gulu limeneli kawirikawiri. Misozi yanu siinachedwe chifukwa chouma mtima. Inasowa mpata, ndipo yaupeza usiku chifukwa ndiyo nthawi yokhayo yomwe palibe akukutumani.

Chomwe mwataya musachichepetse. Makolo nthawi zambiri amatsogola ife tikadali pakati pa ulendo. Mwamuna ndi ana timawapeza titakula kale. M'bale wopondana naye ndi yekhayo amene amayenda nafe kuchokera ku ubwana mpaka ku imvi. Amakumbukira nyumba yomwe inagwa kalekale, chaka chomwe munagona ndi njala, mphunzitsi amene anakukwapulani nonse awiri tsiku limodzi. Akapita, nkhani zina zimatsala m'mutu mwanu mokha, wozivomereza palibenso. Kwa mayi wa ku Thyolo kapena ku Mulanje pali chinanso. M'mabanja ambiri a Chilhomwe ndi Chimang'anja mlongo wamwamuna ndi mwinimbumba: ndiye malume a ana anu, nkhoswe pa ukwati wa mwana wanu, wokuyankhulirani pa bwalo la amfumu. Kaya ankamwa mowa, malo amenewo anali awo, ndipo pano ndi opanda munthu.

Anzanu amene akuti mulimbe mtima sakunena mwankhanza. Ambiri amangosowa chonena, ndiye amatola mawu omwe anamvapo kwa ena. Koma tsegulani Yohane 11. Nkhaniyi mwaimva pa maliro ambirimbiri, koma ulendo uno muiwerenge ngati nkhani ya amayi awiri amene mlongo wawo wamwalira, poti ndi momwe ililidi. Marita ndi Mariya anatumiza uthenga kwa Yesu Lazaro akadali moyo. Yesu atamva anakhalabe masiku awiri komwe anali. Pofika ku Betaniya anapeza maliro ataikidwa kale, patapita masiku anayi. Marita sanadikire kuti mlendo alowe m'nyumba. Anakamuchingamira panjira, ndipo mawu ake oyamba anali akuti: Ambuye, mukanakhala kuno mlongo wanga sakanafa. Mariya atafika anagwa pa mapazi a Yesu nanena zomwezo osasintha, ngati kuti m'masiku anayi onse aja awiriwa ankangobwereza mawu amenewa m'nyumbamo. Awa ndi mawu a munthu wokhumudwa: tinakuitanani, simunabwere.

Yesu sanadzudzule aliyense wa iwo. Marita ankafuna kukambirana, ndipo Yesu anakambirana naye za kuuka kwa akufa. Mariya ankangolira, ndipo Yesu sanamulalikire. Anafunsa komwe anamuika Lazaro, kenaka ndime 35 ikuti Yesu analira. Pa anthu onse amene anali pamandapo, Iye yekha ndiye ankadziwa kuti Lazaro atuluka posachedwa. Chiyembekezo anali nacho chathunthu, koma misozi inatsikabe. Ndiye munthu angamuuze bwanji mkhristu kuti kulira n'kuchepa kwa chikhulupiriro?

Alaliki pa manda timakonda 1 Atesalonika 4:13, ndipo ena amaidula pakati n'kungotsala ndi mawu akuti musalire. Paulo sanatero. Anati tisalire monga amalirira anthu opanda chiyembekezo. Paulo yemweyo polembera Afilipi ananena kuti Epafrodito akanamwalira, iye akanakhala ndi chisoni pamwamba pa chisoni. Stefano ataphedwa, anthu opembedza anamuika ndipo anamulira kwambiri (Machitidwe 8:2). Mpingo woyamba sunkachita manyazi ndi misozi.

Mawu akuti chinali chifuniro cha Mulungu ine pa siwa sindiwanena, ndipo ndimapempha akulu a mpingo kuti asawathamangire. Sindikukana kuti Mulungu ndi wolamulira. Ngakhale mpheta siigwa Iye osadziwa. Koma Baibulo lomwelo limatcha imfa mdani, mdani wotsiriza amene adzathetsedwe (1 Akorinto 15:26). Ndaonanso kuti mawu amenewa kawirikawiri amatseka pakamwa wolirayo, n'kupeputsa wonenayo kuti adzuke azipita. Werengani Machitidwe 12. Herode anapha Yakobo, m'bale wake wa Yohane, ndi lupanga. Kenaka anamanga Petro, ndipo mngelo anabwera usiku kudzamutulutsa m'ndende. Mutu umodzi womwewo, atumwi awiri, wina wapulumutsidwa, wina waphedwa. Luka safotokoza chifukwa chake. Yohane anakhala moyo pambuyo pake, akuona Petro akuyenda pamene m'bale wake ali m'manda, ndipo palibe pomwe timawerenga kuti anapatsidwa yankho. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, pamene anakhala naye pansi osatsegula pakamwa. Analakwa atayamba kufotokoza chifukwa chomwe ana ake anafera, ndipo pamapeto Mulungu anawauza kuti sananene zoona za Iye monga ananenera Yobu, yemwe ankadandaula uja.

Nanga pemphero lomwe likukanikalo? Musadzikakamize kupanga mawu okoma omwe mulibe. Aroma 8:26 ikuti sitidziwa kupemphera monga tiyenera, ndipo Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka. Kubuula kwanu pa mphasa usiku kuli m'kati mwa ndime imeneyo. Mukafuna mawu, bwerekani a Masalimo, muwawerenge mokweza. Salimo 13 imayamba ndi kufunsa Mulungu kuti adzaiwala wolirayo mpaka liti. Salimo 42 ndi ya munthu amene misozi yasanduka chakudya chake usana ndi usiku, pamene kale ndiye ankatsogolera gulu popita ku nyumba ya Mulungu. Ndikuganiza kuti mayi wa Mvano aimva bwino imeneyo. Salimo 88 ndiye siitembenuka n'komwe: imayamba ndi kufuula, imathera mu mdima, ndipo anaisiya momwemo m'buku la mapemphero a anthu a Mulungu. Ngati pemphero lotere linaloledwa kulowa m'Baibulo, lanu la mkwiyo silingamudabwitse Mulungu.

Ndipo lolani ena akupempherereni. Izi zimavuta kwambiri kwa amayi a Mvano, chifukwa munazolowera kuti ndinu ovala yunifolomu, ogona pa siwa za ena, oyambitsa nyimbo ikazilala. Wodwala manjenje wa pa Marko 2 sanayende yekha kupita kwa Yesu. Anamunyamula anthu anayi, ndipo Marko akuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo. Uzani amayi awiri kapena atatu amene mumawakhulupirira, osati gulu lonse, kuti pemphero likukukanikani. Ngati maliro a ena akukudzutsirani bala, auzeni atsogoleri a gulu kuti kwa miyezi ingapo muzithandiza ku khitchini kapena muzikhala kumbuyo. Akale anati maliro n'kulirana; inu mwalirira ambiri, ino ndi nthawi yoti akulireni.

Za mkwiyo ndikuonetseni malo ena omwe salalikidwa kawirikawiri. Numeri 20 imayamba ndi imfa ya Miriamu, mlongo wake wa Mose, ku Kadesi. Ndime imodzi yokha: anamwalira, anaikidwa. Ndime yotsatira anthu aunjikana kale kudzakangana ndi Mose za madzi. Sitiwerenga kuti anapatsidwa ngakhale tsiku limodzi loti alire. Mulungu anamuuza kuti alankhule ndi thanthwe, koma Mose anawakalipira anthu kuti opanduka, namenya thanthwe kawiri ndi ndodo. Mutu womwewo usanathe Aroni nayenso anamwalira pa phiri la Hori, ndipo apo m'pamene anthu analira masiku 30. Ine ndikamawerenga mutu umenewu ndimaona munthu amene wataya mlongo wake, sanapatsidwe mpata, ndipo chisoni chatulukira pa ndodo. Dzifunseni ngati ana anu kapena bambo a kunyumba sakulandira ndodo yomwe si yawo. Ngati zili choncho, auzeni mosabisa kuti simunakwiyire iwo, mukulira achimwene. Ana amamva, ndipo nawonso ataya malume.

Tsopano mkangano wa munda uja, womwe ndikukhulupirira kuti ndiwo ukukudyani koposa zonse. Ku Thyolo ndi ku Mulanje malo ndi ochepa. Minda ya tiyi inayamba m'zaka za m'ma 1890 ndipo inatenga nthaka yaikulu, pamene anthu m'midzi akuchulukirachulukira. Mwambo wathu umapereka munda kwa mwana wamkazi poganiza kuti wamwamuna akalima kwa mkazi wake. Ukwati ukatha mwamuna amabwerera chimanjamanja, n'kupeza alongo ake agawana kale kamunda komwe sikakwanira ngakhale banja limodzi. Mikangano yotere yadzaza m'mabwalo a mafumu. Inu munkateteza chakudya cha ana anu, iwo ankafuna polima. Nonse munali ndi mfundo, ndipo mwina nonse munalankhula mawu oposa muyeso. Koma chaka chimodzi chosayankhulana sichingafafanize zaka makumi anayi. Chibale ndi fupa, sichiola. Mukanakhala ndi nthawi mukanagwirizana, monga munkachitira mukakangana muli ana. Imfa inangofika pakati pa nkhani.

Sindikuuzani kuti palibe chomwe munalakwa, chifukwa simungandikhulupirire. Ngati pali mawu omwe mukudziwa kuti anali oipa, atchuleni pamaso pa Mulungu limodzilimodzi. 1 Yohane 1:9 ikulonjeza chikhululukiro kwa wovomereza, ndipo siikunena kuti wolakwiridwayo akhale ali moyo. Ena zimawathandiza kulemba pa pepala zonse zomwe akanamuuza m'bale wawo, kenaka n'kuziwerenga m'pemphero. Koma palinso njira ina yogwirika ndi manja. Davide, Yonatani atamwalira, anafunsa ngati watsala wina wa m'nyumba ya Sauli woti amuchitire chifundo, ndipo anapeza Mefiboseti, mwana wa Yonatani, namubwezera minda (2 Samueli 9). Achimwene anu asiya ana. Pa mwambo wathu anawo ndi a kwa mayi awo, ndipo n'kosavuta kuti a kuchimuna awaiwale maliro akangotha. Musawaiwale. Mukakolola pa munda womwe munkakanganirana uja, thumba limodzi lipite kwa iwo. Fizi ikavuta, funsani. Ndipo ngati bambo awo anasiya kanthu, kaya njinga, malata kapena ndalama za kuntchito, imani nji kuti zifike kwa anawo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, koma pa banja pamafunika munthu mmodzi wolimba mtima woti anene zimenezi asanafike apolisi.

Nanga achimwene ali kuti? Sindikuuzani kuti ali kumwamba kuti mungogona bwino usiku uno, ndipo sindilola kuti wina akuuzeni kuti anatayika. Ulamuliro umenewo sunapatsidwe kwa m'busa, kwa mkulu wa mpingo, ngakhale kwa bwalo la mpingo. Kudula munthu mumpingo ndi mwambo wa pansi pano. Bwalo limaona khalidwe looneka ndi maso, n'kumuimitsa munthu pa Mgonero ndi pa maudindo, ndipo cholinga chake ndi choti abwerere. Mipingo yambiri ili ndi lamulo loti wodulidwa akamwalira sayimbidwa maliro ndi mwambo wonse. Ndikudziwa mmene zimapwetekera kuona kwaya palibe, amayi a yunifolomu palibe, ndipo anthu akunong'onezana. Koma buku la mpingo lomwe mlembi amasunga si buku la moyo. Munthu amaona zakunja, Mulungu amaona mtima (1 Samueli 16:7). Wachifwamba uja pa mtanda analibe kalata ya mpingo, sanalowe kalasi, analibe nthawi yokonza zomwe anawononga. Ananena chiganizo chimodzi kwa Yesu ndipo Iye anamulonjeza Paradaiso tsiku lomwelo. Achimwene anu anabatizidwa, anamva Mawu kuyambira ku Sande sukulu, ndipo anagona pa bedi masiku angapo asanatsirizike. Zomwe zinadutsa pakati pa iwo ndi Mulungu m'masiku amenewo palibe anaziona, ngakhale amene ankawadikirira.

Mowa nawonso tisamaufulumire kuuweruza ngati kuuma mutu chabe. Munthu amene ukwati watha, wabwerera kwawo alibe munda, alibe ntchito, nthawi zina amamwa pofuna kuiwala, ndipo thupi likazolowera kusiya kumakhala kovuta ngati matenda ena onse. Sindikuuyeretsa mowa, wagwetsa mabanja ambiri m'midzi yozungulira maesiteti. Ndikungoti Woweruzayo amadziwa mbali zonse za nkhaniyo, pamene ife tinkangoona munthu akudzandira pa msika. Abrahamu popempherera Sodomu anafunsa kuti kodi Woweruza wa dziko lonse sadzachita cholungama? Paulo anati Ambuye amadziwa amene ali ake (2 Timoteo 2:19). Pamenepo ndi pomwe mungaike achimwene anu, ndipo amene adzaweruzeyo ndi yemwe uja analira pa manda a mlongo wa Marita.

Mumva zosiyanasiyana kwa anansi, poti dera lathu lili ndi mipingo yambiri. Akatolika amapempherera akufa, amapereka Misa, ndipo pa 2 Novembala amakumbukira mizimu ya omwalira onse. A Seventh-day Adventist, amene mishoni yawo yakale ili ku Malamulo, ku Makwasa, amaphunzitsa kuti akufa ali m'tulo mpaka Yesu adzabwere. A CCAP timaphunzitsa kuti mizimu ya okhulupirira imapita kwa Ambuye nthawi yomweyo ndipo sitipempherera akufa. Musalole kuti kusiyana kumeneku kukusokonezeni pa nthawi ino. Onsewa amagwirizana pa ziwiri: akufa adzauka, ndipo woweruza ndi Khristu, osati ife.

Maloto asakuopseni. Kulota m'bale amene wamwalira, kumva ngati wakuitanani, kuona munthu wa msinkhu wake pa depoti mtima n'kudumpha, zonsezi zimachitikira ofedwa ambiri m'mitundu yonse, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe. Munthu amene mwakhala naye zaka makumi anayi maganizo samuchotsa m'miyezi isanu ndi itatu. Si chiwanda, ndipo simukufunika kupereka ndalama kwa mneneri aliyense kuti akumasuleni. Mukadzuka mutawalota, thokozani Mulungu chifukwa cha moyo wawo, kapena lirani ngati kulira kwabwera, kenaka pitirizani tsiku.

Koma mawu a azakhali aja ndi oopsa, ndipo apa ndilankhula molimba. Imfa ya mwadzidzidzi imatisiya tikufuna munthu woti timuloze chala, chifukwa kukwiyira munthu n'kosavuta kusiyana ndi kukhala opanda yankho. Komatu matenda opha m'masiku ochepa alipo ambiri: malungo aakulu, BP yokwera mpaka kufa ziwalo, shuga, chibayo, chiwindi chowonongeka ndi mowa. Tengani buku lawo la kuchipatala mukafunse dokotala kuti akufotokozereni zomwe zinalembedwamo. Lamulo la dziko lino la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo amene amavulala pa nkhani zotere nthawi zambiri ndi agogo osauka opanda owateteza. Ife a kuno sitinaiwale 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka anthu anaphedwa popanda umboni uliwonse. M'Baibulo Yowabu, mkulu wa asilikali a Davide, anabwezera imfa ya m'bale wake Asaheli popha Abineri, ndipo Asaheli sanadzuke. Magazi aja anamutsata Yowabu mpaka ku ukalamba. Poti inu ndi achimwene munali pa mkangano wodziwika, dziwani kuti nkhani ya chipongwe ikayamba kuyenda ikhoza kutembenukira kwa inu nomwe. Auzeni azakhali mwaulemu kuti inu simupita nawo kwa sing'anga, ndipo m'bale wanu mwamusiya m'manja mwa Mulungu.

Mwina mukufuna kudziwa kuti zimenezi zitha liti. Pali chiphunzitso chofala choti wolira amadutsa masitepe asanu, kuyambira kukana mpaka kuvomereza. Chinachokera kwa dokotala Elisabeth Kübler-Ross mu 1969, ndipo iye ankafotokoza za odwala amene akudziwa kuti atsala pang'ono kumwalira, osati makwerero oti wofedwa aliyense akwere motsatana. Ofufuza ena awiri a ku Netherlands, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, mu 1999 anafotokoza zomwe ine ndimaonadi pakati pa akhristu athu: munthu amapita uku ndi uku, lero ali m'chisoni, mawa ali pa ntchito ndi kuseka, mkuja chisoni chabweranso, ndipo kusinthasintha kumeneku ndiko kumamuthandiza. Mwaonapo amayi akutsika m'phiri cha ku Likhubula ndi mitolo ya nkhuni. Safika kunyumba ulendo umodzi. Amatsamiritsa mtolo pa mtengo, kupuma, kucheza pang'ono, n'kusenzanso. Tsiku lomwe mwaseka pa chinkhoswe musadziimbe mlandu kuti mwawaiwala achimwene. Ndipo konzekerani kuti Khirisimasi yoyamba, nyengo yokolola, mwezi womwe anamwalira ndi tsiku loika chiliza zidzakupwetekaninso ngati zachitika dzulo.

Ngati mukufuna munthu womvetsa, simusowa. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya mabanja ambiri ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Thyolo ndi Blantyre akulira abale, ndipo ena mpaka lero alibe manda oti aloze, chifukwa matope ndi madzi sizinabweze matupi. M'mipingo yathu muli alongo ndi abale ambiri amene anakhala chete monga mwakhalira inumu. Mmodzi wa iwo akhoza kukumvani bwino kuposa m'busa.

Pali malire omwe muyenera kuwadziwa. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, kuyambira 2022 limawerengera chisoni chokhalitsa mopitirira muyeso ngati vuto lofunika thandizo la chipatala: pamene papita miyezi yoposa isanu ndi umodzi, kupitiriranso nthawi yomwe anthu a kwanuko amayembekezera, koma munthu akulepherabe kugwira ntchito, kusamalira ana kapena kukhala ndi anzake chifukwa maganizo onse ali pa malemu. Pa zomwe mwalemba, inu mukulira mochedwa koma mukuyendetsa pakhomo, ndipo zimenezo sizikundiopsa. Koma mukaona kuti masabata akupita osagona, chakudya sichikulowa, thupi likutha, mwayamba kumwa mowa kapena mapiritsi kuti mugone, makamaka maganizo ofuna kudzipha akakufikirani, musadikire Lamulungu. Uzani munthu wapafupi tsiku lomwelo, ndipo pitani ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena cha Mulanje mukafunse ogwira ntchito za matenda a maganizo. Zikafunika amatumiza ku chipatala chachikulu cha matendawa ku Zomba. Kutero si kusiya Mulungu. Eliya atapempha kuti afe pansi pa mtengo m'chipululu, mngelo anayamba ndi kumupatsa mkate, madzi ndi tulo, kawiri konse, Mulungu asanalankhule naye pa phiri.

Chomaliza ndi chimene mungachite mwezi uno. Lamulo lomwe linaletsa mpingo kuyimba maliro linali lokhudza mwambo wa malemu. Silikuletsa mpingo kupemphera ndi amoyo, ndipo inu ndinu mkhristu wa mgonero amene wafedwa. Pitani kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu mukapemphe mapemphero a pakhomo. Muitane mayi, abale anu otsalawo, ana a achimwene pamodzi ndi mayi awo ngati angalole, ndi azakhali omwe. Pemphani kuti awerenge Yohane 11 kuyambira ndime 17 mpaka 44, ndipo dzina la achimwene litchulidwe mokweza, aliyense anenepo chimene akuwakumbukira nacho. Za nsima ndi tiyi wa alendo tsiku limenelo muwasiyire amayi a Mvano anzanu, inu mukhale pa mphasa pamodzi ndi ofedwa. Mkulu wa mpingo akazengereza, kaonaneni ndi abusa anu mwachindunji, muwafotokozere monga mwandifotokozera ine.